Zomba, Khwekhwelere, Chikwawa kapena Gorodi: msewu uti wa m'mapiri woyenda pa njinga yamoto Loweruka ndi Lamlungu?

Munthu amene ali ndi njinga yamoto yakeyake, ndipo Loweruka ndi Lamlungu sagwira ntchito, ali ndi misewu inayi ya m'mapiri imene anzake angamutchulire: wokwera phiri la Zomba, wa Khwekhwelere wotsikira ku Golomoti, wotsikira ku Chikwawa, ndi wa ku Chiweta pamodzi ndi Gorodi wokwera ku Livingstonia. Yonseyi ndi yokhotakhota, ndipo uliwonse uli ndi malo oti muime, muvule chipewa, muone dziko lili pansi panu. Ambiri amasankha ndi maso. Aona chithunzi pa Facebook, basi ulendo wapsa. Ine ndimati musankhe potengera mabuleki a njinga yanu ndi kutalika kwa njira yobwerera kunyumba, chifukwa phiri silivuta kwenikweni pokwera. Limavuta potsika, makamaka Lamlungu madzulo mutatopa.

Zoyenera kuyang'ana musanasankhe

Choyamba ndi ndalama. Mtengo wa petulo umasintha bungwe la MERA likalengeza, ndipo chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mtengo wolembedwa lero sukhalitsa. Choncho ndiwerengera m'malita, inu muchulukitse ndi mtengo wa tsiku limenelo. Njinga zimene ambirife tili nazo, za 125cc kapena 150cc monga Lifan, Kinglion, Boxer ndi TVS, zimayenda makilomita 35 mpaka 40 pa lita imodzi pa msewu wabwino. M'mapiri, mutanyamula munthu kumbuyo, werengerani 30.

Chachiwiri ndi kufikako ndi zimene mungapeze: kutalika kwake, mafuta, makaniko, pogona, chipatala. Chachitatu ndi zimene msewuwo ungaichite njinga yanu, ndi zimene muyenera kukonza musanapite komanso mukabwerako. Chachinayi ndi zoopsa za pamalopo.

Za mapepala sindizibwereza pa msewu uliwonse. Laisensi, inshuwalansi ndi chipewa cha aliyense wokwera ndi zofunika konseko, ndipo misewu yonseyi ili ndi marodibuloko. Kumbukirani kuti laisensi ya A1 imalekeza pa 125cc, njinga yoposa pamenepo imafuna A.

Chinthu chimodzi chokhudza misewu yonse ndichinene panopa. Pali chizolowezi, chofala kwambiri pakati pa akabaza, chothimitsa injini kapena kuika pa fili potsika mtsetse kuti mafuta asathe. Mafuta amene mungapulumutse sakwana kapu. Koma mukatero, kulemera konse kwa njinga ndi anthu kumatsamira mabuleki okha. Mabuleki akatentha amasiya kugwira, makamaka a shuzi amene ali kumbuyo kwa njinga zambiri zotsika mtengo: mumaponda, chopondera n'kumangopita pansi, njinga osaima. Giya imene mwakwerera ndi imene mutsikire, injini ikhale ikuthandiza kugwira. Amene ali ndi Yamaha DT adziwe kuti injini yake sigwira kwambiri potsika ngati mmene ichitira ya Honda XL, choncho ayenera kuima pafupipafupi kuti mabuleki azizire.

Phiri la Zomba

*Ndalama.* Uwu ndi wotchipa kwa wa ku Blantyre. Kuchokera ku Limbe kukafika ku Zomba pa M3 ndi makilomita osapitirira 70, ndipo kuchokera m'tauni kukwera kukafika ku Ku Chawe sakwana 15. Kupita ndi kubwera, kuphatikiza kuzungulirazungulira pamwamba, malita 6 akukwanirani. Kugona ku Sunbird Ku Chawe kumafuna thumba lonona, koma palibe chokukakamizani. Zomba inali likulu la dziko mpaka 1975 ndipo ndi mzinda wa yunivesite, malo ogona otsika mtengo ndi ambiri m'munsi.

*Kufikako.* Zonse zili pafupi: mafuta, omata matayala, ogulitsa zipangizo, ndi chipatala chachikulu cha Zomba Central. Njinga ikafa muli pamwamba, mutha kuitanitsa makaniko pa foni n'kubwera pa kabaza ola lisanathe. Palibe msewu wina mwa inayiyi umene ungakupatseni mwayi wotere.

*Zimene njinga imve.* Phula limafika ku Ku Chawe ndi ku damu la Mulunguzi. Mukafuna kupitirira ku Emperor's View, kumene anaima Haile Selassie mu 1965, ku Queen's View kapena ku dzenje la Chingwe, ndiye mwalowa misewu yafumbi ya a nkhalango, yamiyala ndi yokumbika ndi malole a matabwa. Mbali ya phula njinga iliyonse imakwera. Mbali yafumbi imafuna matayala a mano, ndipo mukabwerako tsukani tcheni ndi kuchithira oilo. Pamwambapo ndi pafupifupi mamita 2,000 kuchokera pa nyanja yamchere, mpweya ndi wopepuka, choncho njinga ya kabuleta imafooka pang'ono. Si kuwonongeka kumeneko, musayambe kumasula zinthu.

*Zoopsa.* Msewu ndi wopapatiza, ndipo m'makona ambiri simuona chimene chikubwera. Chimabwera nthawi zambiri ndi lole ya zipika, kapena njinga yakapalasa yosenza nkhuni mulu wotalika kuposa mwini wake, imene singaime mwamsanga ngakhale mwiniyo atafuna. Imbani hutala musanalowe pakona. Masamba a paini akanyowa amaterera. M'miyezi ya Juni ndi Julayi chifunga chimatha kutseka phiri lonse masana dzuwa lili pamutu m'tauni. Vuto lina la Zomba ndi loti ndi waufupi: wofuna kukhota tsiku lonse aona ngati nsima yamuchepera.

Khwekhwelere: Masasa mpaka Golomoti

Kwa ine uwu ndiwo msewu wokoma kuyendetsapo njinga kuposa yonse, ndipo ndi umene ungadzaze masiku awiri bwinobwino popanda kuthamanga.

*Ndalama.* Kuchokera ku Lilongwe ndi makilomita pafupifupi 85 kukafika ku Dedza pa M1, kenako mupitirire pang'ono kudutsa Bembeke mpaka pa Masasa, pamene msewu umapatukira kumanzere kutsikira kunyanja. Ubwino wake simubwerera njira yomweyo. Mukafika pa Golomoti mumakhotera kumpoto pa M5, kudutsa Mua ndi Mtakataka mpaka ku Salima, n'kukwerera ku Lilongwe pa M14. Kuzungulira konseko ndi makilomita pakati pa 300 ndi 350, ndiye kuti malita 10 mpaka 12. Onjezani ndalama yogona usiku umodzi, ku Mua, ku Salima kapena ku Senga Bay. Amene angakhotere ku Monkey Bay ndi Cape Maclear awonjezere mafuta ndi nthawi, ndipo adziwe kuti mitengo ya kunyanja Loweruka si ya masewera.

*Kufikako.* Thirani mafuta pa Dedza mpaka thanki idzaze. Pakati pa Masasa ndi Golomoti musayembekezere kupeza pothira, ndipo mafuta akasowa m'dziko, madera amenewa amauma msanga kuposa m'tauni. Mudzapeza a m'zigubu ndi m'mabotolo m'mbali mwa msewu, okwera mtengo komanso nthawi zina osakaniza. Ngati mwakakamizika kugula, sefani ndi kansalu koyera. Omata matayala alipo pa Masasa ndi pa Golomoti, koma pakati pa phiri muli nokha, choncho pampu, mapachi, sulushoni ndi chubu chapadera zikhale m'chikwama. Zipatala zapafupi ndi cha boma ku Dedza ndi cha mishoni ku Mua.

Zoona zilipo zambiri, ndipo n'chifukwa chake ndikuti ulendowu umadzaza masiku awiri. Ku Dedza kuli malo oumba mbiya ndi makapu a Dedza Pottery, ndipo chapafupi pali zojambula zakale za pamiyala za ku Chongoni, zimene UNESCO inaziika m'kaundula wake mu 2006. M'makona a Khwekhwelere muli anyamata osema tigalimoto, tindege ndi tinjinga tamitengo, mawilo ake ozungulira ndithu. Mukafuna kugula, imikani njinga kunja kwa phula penipeni, osati pakona. Ku Mua, mishoni imene Azibambo Oyera anayambitsa mu 1902, kuli malo a zaluso ndi chikhalidwe a KuNgoni ndi nyumba ya Chamare yosungiramo zigoba za Gule Wamkulu ndi mbiri ya Achewa, Angoni ndi Ayao. Pamenepo pokha pangakudyereni theka la tsiku.

*Zimene njinga imve.* Msewu wonse ndi waphula, choncho matayala wamba akwanira. Chimene chimavutika ndi mabuleki. Dedza ili pamwamba mamita pafupifupi 1,600, Golomoti ili m'chigwa cha nyanja, ndipo kutsika konseko kumachitika m'makilomita ochepa. Musananyamuke onetsani mapadi akutsogolo ndi shuzi zakumbuyo. Ngati zatsala pang'ono, sinthani, musati zifika. Tcheni chikhale chosewera masentimita 2 kapena 3, chifukwa chokhwepa chimatha kuvuka mukamatsitsa magiya motsatizana. Wofuna kusunga mabuleki atembenuze ulendo: ayambire ku Salima, Khwekhwelere adzamukwere Lamlungu m'mawa. Kukwera kumatenthetsa injini, koma injini yotentha imakuchenjezani ndipo mutha kuima. Mabuleki otentha sachenjeza.

*Zoopsa.* Makona ake ndi otseguka bwino, ndipo pamenepo ndi pamene pali msampha, chifukwa amakunyengererani kuwonjezera liwiro mpaka mukumane ndi kona yothina imene simunaiyembekezere. Loweruka m'mawa ndi Lamlungu madzulo msewuwu umadzaza galimoto za anthu a ku Lilongwe opita ndi kuchokera kunyanja, ndipo ena mwa obwerera Lamlungu amakhala atalawa. Amadula makona, kulowa mbali yanu. Mvula ikagwa, mchenga ndi timiyala zimatsikira pa phula m'makona momwemo. Mbuzi ndi ana asukulu ndi zosachita kunena. Pa M5 nyengo yamvula madzi amatha kuononga milatho, choncho funsani oyendetsa minibasi musanatsike.

Mtsetse wa Chikwawa

*Ndalama.* Makilomita pafupifupi 50 kuchokera ku Blantyre pa M1. Malita 4 kupita ndi kubwera. Ndi ulendo wa tsiku limodzi, pokhapokha ngati mukufuna kukagona ku Majete, nkhalango imene African Parks yakhala ikuyendetsa kuyambira 2003. Kumeneko kuli mikango ndi njovu, ndiye njinga mukaisiya pachipata n'kulipira galimoto ya komweko.

*Kufikako.* Palibe chovuta. Mafuta ndi amakaniko alipo pa Dyeratu ndi pa boma, kutsidya kwa mlatho wa Kamuzu pa Shire, ndipo njinga zamoto ndi zambiri m'chigwamo moti zipangizo za Lifan ndi Kinglion sizisowa.

*Zimene njinga imve.* Kutentha. Blantyre ili pa mamita pafupifupi 1,000, Chikwawa ili pafupi ndi 100, ndipo mu Okotobala ndi Novembala kumunsiko kumafika madigiri 40. Njinga zathuzi zimaziziritsidwa ndi mphepo. Pokwera kubwerera, pa giya yachiwiri, muli awiri, kumbuyo kwa thiraki imene ikukwawa, mphepoyo palibe. Oilo akhale watsopano ndi wokwana. Kwerani m'mawa kwambiri kapena dzuwa litapendeka.

*Zoopsa.* Pa misewu inayiyi, uwu ndi umene ndimaukayikira kwambiri, osati chifukwa cha makona ake koma chifukwa cha amene mukuyenda nawo. Mathiraki a shuga ochokera ku Nchalo, mabasi a ku Nsanje, ma Sienta odzaza mpaka kubuti, njinga za makala, onse ali pa kamsewu kamodzi. Mathiraki amataya dizilo ndi oilo m'makona, ndipo tayala la njinga likaponda pamenepo silifunsa. Galimoto yolemera ikakhala kumbuyo kwanu potsika, patukani idutse, chifukwa mabuleki akaduka kwa iyo, woyamba kumupeza ndinu. Mvula yamkuntho ya Ana mu 2022 ndi Freddy mu 2023 zinaonetsa mmene misewu ya chigawo chimenechi imadukira msanga, choncho nyengo yamvula usiyeni.

Wa ku Blantyre amene akungofuna makona ofatsa ali ndi njira ina yoposa iyi: Limbe, Bvumbwe, Thyolo, kudutsa m'minda ya tiyi mpaka ku Mulanje, n'kubwerera pa msewu wa Midima. Palibe phompho, kukuzizira bwino, ndipo phiri la Mulanje mukuliona kutsogolo kwanu. Chokhacho, Chiperoni akabwera mudzanyowa mpaka m'mafupa.

Chiweta ndi Gorodi

Uwu ndiwo umene aliyense amafuna kudzanena kuti anaukwera. Ndi misewu iwiri yosiyana kotheratu, ndipo ndi bwino kuisiyanitsa. Chiweta ndi M1 yomweyo, yaphula, yotsika kuchokera m'chigwa cha Henga kukafika kunyanja. Gorodi ndi msewu wamiyala wochokera pa Chitimba kukwera ku Livingstonia, makilomita pafupifupi 15, wokhala ndi makona 20 obwerera m'mbuyo, wokwera mamita oposa 700. Anaulambula amishoni a Dr Robert Laws, amene anakhazikika pa Khondowe mu 1894, ndipo makona ake sanawapangire galimoto zamakono.

*Ndalama.* Zimatengera kumene mukuchokera. Wa ku Mzuzu ali ndi makilomita pafupifupi 130 kukafika pa Chitimba, ndiye malita 10 amukwanira ulendo wonse. Wa ku Lilongwe awonjezere makilomita oposa 350 mbali iliyonse. Kupita ndi kubwera ndi pafupifupi 1,000, malita oposa 30, ndi kugona kawiri kapena katatu. Pa njinga ya 125cc, Lilongwe mpaka Mzuzu ndi tsiku lathunthu. Ndiye kuti Loweruka lonse muli pa M1, Lamlungu lonse muli pa M1, phirilo mukwera liti? Kwa wa ku Lilongwe kapena Blantyre, ulendowu ndi wa Pasaka kapena wa tchuthi cha masiku anayi, si wa Loweruka ndi Lamlungu.

*Kufikako.* Dzazani thanki ku Mzuzu ndipo muwerengere kuti pamwamba simukapeza pothira. Pogona pali Mushroom Farm ndi Lukwe m'mphepete mwa phompho pafupi ndi mathithi a Manchewe, amene madzi ake amagwa mamita pafupifupi 125, komanso malo a mishoni ku Livingstonia ndi malo ogona m'mbali mwa nyanja ku Chitimba. Tengani ndalama m'manja, musadalire Airtel Money kapena Mpamba paliponse, chifukwa netiweki imabwera n'kupita. Chipatala ndi cha David Gordon Memorial pamwamba pomwepo, koma wothyoka kwambiri amatumizidwa ku Mzuzu, ndipo ndi kutali. Kumeneko chilankhulo ndi Chitumbuka. Kuyamba ndi "Monire" musanafunse njira sikuwonongetsa kanthu.

Pali njira ina yokafikira ku Livingstonia, yochokera ku Njakwa mbali ya Rumphi, imene anaithira phula zaka zaposachedwapa. Imeneyi yasintha zinthu: mutha kukaona Stone House, nyumba yakale ya Dr Laws, ndi Manchewe osaponda Gorodi n'komwe.

*Zimene njinga imve.* Gorodi amadya kilachi. Mumakhala pa giya yoyamba ndi yachiwiri pafupifupi njira yonse, ndipo m'makona mumayenda ndi theka la kilachi. Miyala imakhwefula masipoko ndi mabawuti, imaboola machubu, ndipo njinga yotsika imagunda pansi ndi injini. Malo ena anathira konkire, koma ambiri ndi miyala yoyendayenda. Msewuwu ndi wa Honda XL, Yamaha AG kapena DT, njinga zimene alangizi ndi ogwira ntchito m'mabungwe amayendera m'midzi. Anyamata a kabaza a pa Chitimba amakwera ndi njinga wamba tsiku ndi tsiku, n'zoona, koma amadziwa mwala uliwonse, ndipo funsani kuti kilachi amasintha kangati pa chaka. Tengani kebulo ya kilachi yapadera ndi pulagi. Mukabwerera kwanu sinthani oilo, tsukani sefa ya mpweya, kungani masipoko.

*Zoopsa.* Pa Chiweta ndi mathanka a mafuta ochokera ku Dar es Salaam ndi malole a malasha a ku Mchenga, amene pakona amatenga msewu wonse. Phula lake ndi la zigamba, anyani amakhala pakati pa msewu, ndipo nyengo yamvula dothi ndi miyala zimagumukira mumsewu. Pa Gorodi, mbali imodzi ndi khoma la phiri, mbali inayo ndi phompho lopanda chotchinga. Choopsa kwambiri ndi injini kuzima pakati pa kona yokwera: phazi la mbali yakumunsi silifika pansi, njinga n'kukugwetsani. Potsika, buleki yakutsogolo ikagwidwa mwamphamvu pa miyala, tayala limathawa. Mvula ikagwa musayese. Musanyamulenso munthu kumbuyo ngati ndi koyamba.

Za nyengo, mwachidule

Meyi ndi kumayambiriro kwa Juni ndiyo nthawi yabwino konseko: mvula yatha, dziko likadali lobiriwira, kumwamba kuli mbee. Juni ndi Julayi ku Dedza, ku Zomba ndi ku Chikangawa kumazizira moti zala zimauma pa buleki, magolovesi ndi ofunika, ndipo dzuwa limalowa isanakwane 6 koloko. Seputembala ndi Okotobala misewu ndi youma koma utsi wa moto wa m'tchire umabisa zimene mwapitira kukaona. Mvula yoyamba ya Novembala ndi imene imatereretsa phula kuposa ina yonse, chifukwa imayandamitsa oilo amene wakhala akudontha chilimwe chonse.

Ndiye uti ndi wa ndani?

Ngati laisensi mwangotenga kumene, kapena simunatsikepo phiri pa njinga, yambani ndi Thyolo ndi Mulanje, kenako Zomba mbali ya phula. Mukalakwitsa kumeneko, thandizo lili pafupi.

Ngati mukutenga akazi anu kapena amuna anu kumbuyo pa njinga ya 125cc, pitani ku Zomba, mukagone m'tauni, mukwere phiri m'mawa katundu mutamusiya kuchipinda. Chikwawa muli awiri pa njinga yaing'ono ndi kuzunza injini.

Ngati muli ku Lilongwe, muli ndi masiku awiri athunthu ndi njinga ya mabuleki abwino, Khwekhwelere alibe mnzake. Mabuleki akakhala okayikitsa, yambirani ku Salima kuti phirilo mulikwere. Gulu la anzanu anayi kapena asanu liyeneranso msewu womwewu, chifukwa uli ndi malo oimapo onse pamodzi, bola aliyense aziyenda liwiro lake ndipo mudikirane pa Golomoti.

Ngati muli ku Blantyre, muli ndi Loweruka lokha ndipo mathiraki munawazolowera, tsikirani ku Chikwawa m'mamawa m'mwezi wa Juni, mubwereko dzuwa lisanafike pamutu.

Ngati muli ku Mzuzu, Rumphi kapena Karonga ndipo njinga yanu ndi ya pa phula, kwerani ku Livingstonia kudzera ku Njakwa, Chiweta mumuyende tsiku lina. Gorodi asiyireni amene ali ndi njinga yaitali ya matayala a mano, anayendapo kale pa miyala, ndipo ali ndi mnzake wa njinga yachiwiri woti akaitane thandizo pa Chitimba. Oterowo akwere Gorodi Loweruka m'mawa, agone pamwamba, Lamlungu abwerere pa phula la ku Njakwa.